Achemwali Anaima Pakanjira

Ndinalota Bangwe yense atamujambula mizere ya laimu. Mizereyo inayambira kuphiri n'kutsika mpaka kumsika, ina n'kudutsa chopingasa, moti malo onse anasanduka mabokosi ngati bolodi la drafuti. Nyumba iliyonse inali m'bokosi lake. Mbuzi inali m'bokosi lake. Mayi wina amene ankataya madzi otsukira mbale anali ataima chowerama, madziwo ali lende m'malere osafika pansi. Kusiteji oitanira minibasi anali kukamwa yasa, koma mawu osatuluka.

Sindinadabwe. Ndinadziwa kuti ndili mu gemu imene mnzanga Fanuwelo anandiikira mu foni titangomaliza mayeso a Fomu 4. Ndi gemu ya nkhondo, koma si nkhondo yothamangitsana. Umakhala ndi asilikali ochepa, aliyense m'bokosi lake. Umawasuntha mmodzimmodzi, ukamaliza adani nawo amasuntha, kenako zonse zimaima kudikira iwe. Magemu a mpira amene anyamata amasewera kubabashopu ya Fanuwelo amafuna zala zothamanga ndi pakamwa pothamanga, ndipo ine zonsezi ndilibe. Iyi imadikira. Ukhoza kuganiza mpaka tiyi kuzizira, palibe amene angakufunse ngati ndiwe bubu. Ndiponso usanamenye munthu imakuonetseratu mmene nkhonyayo ithere, wovulala ndani, wotsala ndani. Ndinkaikonda chifukwa cha zimenezi.

Amayi anali atakhala pamwamba pa mulu wa kwale, miyala yoswaswa imene amagula omanga nyumba. Anamwalira ndili Sitandade 4, koma apa anali atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, mpango uli bwinobwino.

"Takulandirani, mtsogoleri," anatero.

"Amayi, ndine Dziwani."

"Tikudziwa. Mverani malamulo."

Analoza kumtunda, pafupi ndi thanki ya madzi. Kumeneko kunali geti la koleji imene anandisankhira, ija ya ku Lilongwe imene ndinkayenera kunyamukira mawa lake. Linangoima lokha paphiri, lopanda mpanda, lopanda nyumba kumbuyo kwake.

"Mukafika pageti lija mwapambana," anatero amayi. "Mukafa inu, zonse zatha: phiri, msika, anthu onsewa. Akafa wina aliyense, nkhani ipitirira."

"Asilikali anga ali kuti?"

"Alipo mmodzi."

M'bokosi loyandikana ndi langa munali achemwali anga a Elube. Iwo anasiya sukulu ali Fomu 2, sabata ya maliro a amayi, n'kutola hamala imene amayiwo ankaswera miyala m'mbali mwa msewu. Ndi hamala yomweyo imene inandilera. Anali ataigwira kudzanja lamanja, chitenje atachimanga m'chiuno, fumbi lili mpaka m'nsidze. Pamwamba pa mutu wawo panali kamzere kobiriwira kosonyeza moyo, kotalika ngati mpini wa khasu. Ndinayang'ana pamwamba pa mutu wanga. Kanga kanali ngati kamtengo ka machesi.

"Iwe Dziwani," anatero achemwali, "ndiye tingoima chonchi? Ine ndasiya nyemba pamoto."

Adani anali akutsika kuphiri. Anavala maovololo ofiira ndipo analibe nkhope. Wina anasenza thumba la fumbi, wina ananyamula chidutswa cha dzuwa m'chiwaya, wina anali ndi chifuwa m'botolo, chikukhosomola chokha m'katimo. Anali ambiri, mpaka ena sankaoneka bwino chifukwa cha nkhungu.

Ndinatambasula chala n'kuloza achemwali, kenako n'kuloza bokosi lapatsogolo. Anayenda okha ngati akukokedwa ndi chingwe. Anamumenya kamodzi kokha wa thumba la fumbi uja, iye n'kusweka ngati mphika. Ndinadikira kuti pamutu pawo patuluke nyenyezi, chifukwa mu gemuyo msilikali akapha mdani amakula mphamvu. Sipanatuluke kanthu.

Pakona ya thambo panatseguka kawindo, n'kuonekera mutu wa Fanuwelo, chipeso chili m'tsitsi.

"Aise, ukutaya chakudya," anatero. "Ndinakuuza chiyani za msilikali amene gemu imakupatsa koyambirira? Amabwera atakhwima kale. Sakulanso. Aphe khumi, aphe mudzi wonse, amakhala yemweyo. Mdani aliyense amene wamugwetsa iye ndi nyama imene yadutsa pakamwa pako."

"Ndi achemwali anga."

"Ndawaona. Mwaswera bwanji, sisi?"

"Ndaswera bwino, iwe wometa anthu zipere," anayankha achemwali. "Amako akupeza bwanji mwendo uja?"

"Akuyenda pang'ono." Anatembenukiranso kwa ine. "Tayesa wekha uone."

Ndinayesa. Ndinapita kwa wa chiwaya uja n'kumumenya chibakera. Kamzere kake sikanasunthe n'komwe. Iye anandiwaza kadzuwa kumaso, kamzere kanga n'kutsala theka.

"Mtsogoleri wofooka safika pageti," anatero amayi ali pamulu paja. Ankayankhula ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi.

"Njira yake ndi imodzi," anatero Fanuwelo. "Aliyense amene anaimaliza gemuyi anachita zomwezi. Walande chida. Waimike pamalo opanikiza, poti mdani azibwera mmodzimmodzi. Iwo azilandira, iwe uzimenya uli kumbuyo kwawo. Khungu lawo ndi lolimba, sangamve."

Ndinaganiza nthawi yaitali. Gemu inadikira. Madzi a mayi uja anali m'malere momwemo. Ndinayang'ana mabokosi onse, kumanzere, kumanja, kuseri kwa chigayo, ndipo ndinaona kuti Fanuwelo sankanama. Pakati pa bafa la a neba ndi mpanda wa njerwa wa tchalitchi panali kanjira kokwana munthu mmodzi. Adani onse ankayenera kudzera pamenepo. Msewu wopita kugeti unkakhota kumbuyo kwa tchalitchi, koma unali wotseka ndi nkhungu.

Ndinatembenukira kwa achemwali kuti ndiwafotokozere. M'malere, patsogolo pa mphuno yanga, munatuluka mawu atatu olembedwa ndi choko: Menya. Sinthana. Dikira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zina, koma lilime linangogona. Ndi amayi ndinkatha kuyankhula, ndi Fanuwelo ndinkatha, koma kwa achemwali gemu inandipatsa mawu atatu okhawo.

"Sinthana," ndinatero.

Hamala inachoka m'dzanja lawo n'kubwera m'langa. Ine ndinalibe chowapatsa. Anayang'ana chikhatho chawo, chokhala ndi zikang'a zolimba ngati chikopa cha ng'oma, n'kuchipukutira pachitenje.

"Ugwire kumapeto kwa mpini," anatero. "Ukagwira pafupi ndi mutu ikuthyola dzanja. Manja ako aja ndi a bolopeni."

Hamalayo inali yofunda. Inayankhula ndi mawu a munthu wokalamba.

"Sindikukudziwani," inatero.

"Ndine mlongo wa a Elube, wa m'nyumba momwemo. Ndinkakuonani kuseri kwa chitseko."

"Kundiona ndi kwina. Koma lamulo ndi lamulo, ndikugwirirani ntchito."

Ndinaloza achemwali, n'kuloza kanjira kaja. Anapita n'kuima pamenepo, natambasula manja, lina kugwira udzu wa bafa, lina kugwira njerwa. Ine ndinaima m'bokosi la kumbuyo kwawo. Ndinkaona msana wawo wokha, ndi malo amene bulauzi inang'ambika paphewa.

Inafika nthawi ya adani. Woyamba anawakhuthulira fumbi kumaso. Achemwali anapenya pansi, natsokomola kamodzi, kamzere kawo n'kufupika pang'ono kwambiri, moti ukanapanda kuyang'anitsitsa sukanaona. Itafika nthawi yanga ndinadzutsa hamala pamwamba pa phewa lawo n'kumenya. Ndinamenya kangapo asanasweke. Atasweka, pamutu panga panatuluka nyenyezi, ndipo kumapazi kwanga kunamera nsapato zakuda.

"Eya," anatero Fanuwelo. "Wayamba kudya."

Kunena zoona, zinkakoma. Ndani angakane? Chilichonse chinkachitika monga ndachikonzera. Ndinkaona kale kuti uyu abwera apa, uyo atsekeredwa apo, wa botolo safika ulendo uno. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakonzepo chinthu n'kuchitika momwemo. Nyenyezi zinkatuluka. Ndinamera jekete. Ndinamera wotchi. M'kamwa mwanga munadzaza Chingerezi chambiri mpaka china chinkagwera pansi. Kamzere kanga kanatalika kupitirira denga la bafa.

Achemwali sankadandaula. Ankangoyankhula za kunyumba, nkhope ili kwa adani.

"Ukakafika usakabwereke anthu sopo," anatero, wa dzuwa akuwawotcha pakhosi. "Ukabwereka mmodzi abwera onse."

"Menya," ndinatero.

"Ndipo ukadye. Ndikukudziwa iwe, ukhoza kufa ndi njala chakudya chili patebulo chifukwa choopa kufunsa sipuni."

"Menya."

"Kumeneko usakapeze kamtsikana kokuyankhulira. Uzikayankhula wekha."

Wa botolo anafika, natsegula chivindikiro. Chifuwa chinatuluka n'kulowa mwa achemwali ngati mbewa yolowa kuuna. Kuyambira pamenepo ankayankhula moduladula. Tsitsi lawo linayera, sindinadziwe ngati linali fumbi kapena imvi. Nditayang'ananso kamzere kawo ndinapeza kasanduka kofiira, katatsala ngati chala chaching'ono.

"Amayi, palibe mankhwala?"

"Sing'anga amalowa m'nkhani mutu wotsatira," anayankha amayi. "Kuseri kwa geti."

Ndinaganiza zowabwezera hamala kuti adziteteze okha. Panali patatsala mdani mmodzi pafupi, ndipo ndinati ndimalize ameneyu kaye. Ndinamenya. Mdaniyo anasweka, ndipo hamala nayo inasweka. Mutu wake unagawika pakati ngati papaya, mpini n'kutsala m'manja mwanga.

"Chida chilichonse chili ndi malire ake," unatero mpiniwo. "Ndinali nditatsala ndi zaka zambiri za miyala. Mwazithera pano."

Achemwali anamva kusweka kuja koma sanacheuke.

"Ndi hamala imeneyo?"

Mawu atatu aja anali lende patsogolo panga. Palibe limene linkayankha funso lawo.

"Chabwino," anatero. "Inali yakale."

Pamenepo nkhungu ya kumbuyo kwa tchalitchi inayera, msewu wopita kugeti n'kuoneka wonse. Mabokosi amene ndikanatha kufikako anawala. Anathera pafupi ndi thanki, geti lili patsogolo pang'ono. Ulendo umodzi sunkakwana. Ndinkayenera kuyenda, kenako kulola adani asunthe, kenako kuyendanso.

Ndipo kumtunda kwa kanjira kunali kutatsala mdani mmodzi. Anali wamkulu ngati lole ya mchenga, wovala ovololo yosokedwa ndi malona. Sananyamule kanthu. Anangoima, manja ali pansi.

Gemu inandionetseratu zonse, monga mwa ubwino wake. Achemwali akakhala pakanjira, iye awamenya, kamzere kawo katha. Ndikawachotsapo, iye adutsa n'kundipeza pathanki. Ndikaima ine pamalo pawo, nkhonya yake inali yoposa kamzere kanga ngakhale kanatalika, ndipo ndikafa ine zonse zatha, iwonso athera momwemo. Ndinazungulira bolodi lonse ndi maso. Ndinayesa kuseri kwa chigayo, ndinayesa padenga la bafa. Ndinabwereza kuyambira poyamba. Pansi pa chithunzi cha nkhonyayo panali kanambala kakang'ono, kosonyeza mwayi woti mdaniyo aphonye. Kanali kakang'ono ngati nyerere.

"Amayi, akafa adzatchulidwa?"

"Ayi."

"Ngakhale kumapeto?"

"Olemba nkhani sankadziwa amene adzafe ndi amene adzatsale. Choncho analemba nkhani yoti iyende popanda aliyense wa iwo. M'nkhanimo muli inu nokha."

Ndinayenda mpaka pathanki, chifukwa kuyenda kokhako sikunkapha munthu. Kenako pansi pa thambo panatuluka batani lalikulu lolembedwa kuti Maliza. Ukalidina, nthawi yako yatha, adani amasuntha. Ndinaika manja m'thumba la jekete.

Ndinati sindidina. Gemu imadikira. Ndikhala pano, iwo akhala apo ali moyo, mdani akhala uko. Palibe amene angandikakamize.

Ndinakhala pansi n'kutsamira thanki. Dzuwa silinasunthe. Madzi a mayi uja anayamba kumera ndere ali m'malere. Mbuzi inaonda ili chiimire. Kuchokera pathanki ndinkawaona achemwali cham'mbali, manja ali chitambasulire. Chiswe chinayamba kumanga dothi m'miyendo yawo, chinafika m'maondo.

"Aise, ine ndili ndi makasitomala," anatero Fanuwelo. "Dina. Kutsogoloku ukapeza ena abwino kuposa amenewa, okwera mahatchi. Kapena ngati mtima ukukuwawa yambiranso, anthu amatero." Kawindo kake kanatsekeka.

Pambali pa batani lija panaoneka lina laling'ono lolembedwa kuti Yambiranso. Ndinaimirira.

"Amayi, ndikadina ili tibwerera pati?"

"Pamene nkhani inasungidwa."

"Ndi pati pamenepo?"

"Tsiku lobwera kumanda. Inu muli pakhonde mukulira. Mkulu wanu akuvula yunifolomu ya sukulu, akuipinda, akutenga hamala kuseri kwa chitseko."

"Iwe Dziwani." Mawu a achemwali anafika pathanki ngati ali pambali panga. "Usayerekeze."

Ndinawayang'ana.

"Ndamva zimene akunena amayiwo. Ine miyala ija ndinaswa kamodzi, sindiswanso kachiwiri. Phiri lonse lija libwerere mwakale? Ndiyambirenso kukuchapira makabudula? Ayi, bambo. Ngakhale utandipatsa hamala yatsopano."

"Dikira," ndinatero. Ndi mawu okhawo amene anali pafupi ndi zimene ndinkafuna kunena.

"Ndadikira. Manja awa sindikuwamvanso. Iwe ukuganiza, ine ndaima. Wakhala ukuganiza kuyambira uli mwana, ndipo nthawi yonseyo pamakhala wina ataima." Anatsokomola nthawi yaitali. "Sindikudandaula. Ndikungoti miyendo yatopa. Panga chimene unabwerera."

Ndinayang'ana kwa amayi kuti mwina anena kanthu monga mayi. Anali akukonza mpango wawo.

"Gemu ilibe malire a nthawi," anatero. "Mtsogoleri akhoza kuganiza mmene angafunire."

Ndinayang'ananso kanambala kaja. Gemuyo imakusiyira kanambala kotero nthawi zonse. Sikanena kuti munthu afa ndithu, kamati mwina. Ndinakayang'anitsitsa mpaka kanayamba kuoneka kakakulu. Ndinadziuza kuti zimachitika, ndinaonapo mdani akuphonya pa mwayi wochepa kuposa apa. Ndinadziuzanso kuti achemwali anena okha. Ndinatulutsa dzanja m'thumba. Ndinkayembekeza kuti chala chilemera podina Maliza, koma sichinalemere.

Madzi a mayi uja anagwa pansi. Oitanira minibasi anamaliza mawu awo. Mdani wamkulu uja anatsika kanjira mosafulumira, nadzutsa dzanja limodzi.

Sanaphonye.

Achemwali sanagwe. Anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunali ine, ndipo pansi pa nkhope yawo panatuluka mawu olembedwa. Pakamwa pawo panayamba kuwawerenga ndi mawu a mkazi wina amene sindimudziwa.

"Pitirirani, mtsogoleri wanga. Ndafa mokondwa chifukwa cha dziko lathu."

Achemwali sananenepo zotero chibadwire. Ndinaona m'maso mwawo kuti nawonso zawanyansa. Atamaliza kuwerenga anakoka mpweya, nayamba ndi mawu awo enieni: "Iwe, nyemba zija…" Kenako bokosi lawo linatsala lopanda munthu. Munatsala timilu tiwiri ta dothi la chiswe, tokhala ndi mabowo pakati.

Mdani uja anali atagwiritsa ntchito nthawi yake. Anaima. Zonse zinaimanso kudikira ine, ndipo mabokosi a kugeti anawala.

Ndinayenda. Geti linatseguka lokha, nyimbo ya malipenga n'kuyamba. Kumwamba kunalembedwa kuti mtsogoleri wachinyamata, mwa nzeru zake ndi kulimba mtima kwake, anagonjetsa adani a kuphiri. Ndinawerenga mpaka pansi. Kenako kunabwera anthu atsopano ovala bwino, okwera mahatchi, aliyense akunena dzina lake ndi kundigwira chanza. Mmodzi anali sing'anga, atanyamula chikwama chodzaza mankhwala. Anandifunsa ngati pali wovulala.

Amayi anali atakhala kale m'kati mwa geti, pampando wa pulasitiki.

"Mwachita bwino, mtsogoleri. Kodi tisunge nkhaniyi?"

Mawu anali awiri, Inde ndi Ayi, koma Ayi anali wotuwa, wosadinika.

Ndinadzuka thukuta lili m'khosi. Anali masana, malata akuthetheka ndi dzuwa, ndipo foni inali pachifuwa panga itazima. Chikwama changa cha ulendo chinali pakona, chotsegula.

Achemwali anali atagwada pakhomo, atayala bulangete pamkeka, akusita zovala zanga ndi simbi ya makala. Malaya anali atawapinda kale mulu umodzi. Anatsokomolera paphewa kuti asadetse nsalu, nauzira makala, phulusa n'kuwagwera pamkono.

"Wadzuka, bwana? Munthu wogona masana ngati mlonda." Ananyamula mathalauzi awiri, lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo. "Mawa m'basi uvala liti? Ndisite limenelo pomaliza lisakwinyike."

Ndinakhala tsonga pamphasa. Ndinawayang'ana m'manja, ndinawayang'ana kumaso. Lilime linali langa, mawu onse a pa dziko anali pomwepo, panalibe chondiletsa. Ndinayamba kuwasanja m'mutu, loyamba liti, lotsatira liti, kuti ndisalakwitse. Iwo anadikira pang'ono, manja ali m'mwamba.

"Iwe, makala akuzima."

"Lakuda," ndinatero.

Anaika linalo pambali, nayala lakudalo pabulangete.